Kuchotsa ntchito mayi amene ali pa tchuthi cha uchembere: mlandu umene olemba ntchito amadziputira

Chaka china ndinkagwira ntchito yowerengera malipiro pakampani ina ya ku Makata, ndipo zenera la ofesi yathu linkayang'ana kugeti. Lolemba lina m'mawa kunafika mayi wina wa kuchigawo cholongedza katundu, amene anali atatha masabata 8 ali pa tchuthi cha uchembere. Anali atavala yunifomu yake yochapa bwino, m'manja atanyamula kachikwama ka chakudya chamasana, khanda atalisiya ndi agogo ake ku Ndirande. Mlonda, amene ankamudziwa bwino lomwe, anayang'ana m'buku, kenako anayang'ana pansi, n'kunena kuti: "Amayi, pepani, abwana akuti musalowe kaye. Mukhale pabenchipo, akuitanani." Anakhala pabenchipo mpaka cha m'ma 10 koloko, pamene anamubweretsera envelopu. Kalata ya m'katimo inkati malo ake a ntchito atha chifukwa bizinesi sikuyenda bwino. Komatu pazenera lomwelo tonse tinkamuona mtsikana amene analembedwa kuti agwirizire malowo, ali patebulo lomwe lija, akulongedza katundu yemwe uja. Ndine amene ndinauzidwa kuti ndiwerengere ndalama zomaliza za mayiyo, ndipo ndinawerengera ndisakudziwa kuti pepala limene ndinkalembalo lidzakhala umodzi mwa maumboni otsutsa kampani yomwe inkandilipira.

Nkhani zotere sizisowa mu Blantyre muno, kuyambira m'mafakitale a ku Makata, Chirimba ndi Maselema, m'masitolo a ku Limbe, m'masukulu oti si aboma, mpaka m'nyumba za ku Namiwawa ndi Nyambadwe. Nthawi zambiri zimakambidwa ngati nkhani za chisoni cha mayi, ndipo n'zoona kuti iye ndi khanda lake ndi amene amayamba kuvutika. Koma pano ndikufuna kuti tiione nkhaniyi titakhala pampando wa wolemba ntchito, chifukwa ndaona kuti mabwana ambiri amene amasaina makalata otere sazindikira kuti, mwa njira zonse zochotsera munthu ntchito, iyi ndi imene malamulo a dziko lino anaitchinga mwamphamvu kwambiri, moti wolakwa akhoza kulipira chipukuta misozi komanso kuimbidwa mlandu wa upandu pa nkhani imodzi yomweyo.

Lamulo limene limagwira ntchito pankhaniyi ndi Employment Act, lomwe Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 2000, ndipo limakhudza makampani, mabungwe, anthu wamba amene alemba ena ntchito ngakhalenso boma, kupatula asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende. Gawo 47 la lamuloli limati mayi wapantchito ali ndi ufulu wopita ku tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, kamodzi m'zaka zitatu zilizonse, akulandira malipiro ake onse. Limapitiriza kunena kuti pa nthawi ya tchuthiyo zonse zimene mayiyo amayenera kulandira zimapitirira ngati kuti ali pantchito, ndipo zaka zake za pantchito siziduka kapena kuchepetsedwa. Izi zikutanthauza kuti ndalama za nyumba, sikimu ya kuchipatala ngati ilipo, ndi 10 peresenti imene wolemba ntchito amasonkha ku penshoni pamwamba pa 5 peresenti ya wantchito, zonse siziima. Chimene ambiri amaphonya n'chakuti gawoli silinena kuti mayi ayambe wagwira ntchito kwa nthawi yakutiyakuti kuti ayenere tchuthichi. Tchuthi cha matenda chimayamba munthu akakwanitsa miyezi 12 pantchito, ndipo ena amasokoneza ziwirizi, koma cha uchembere chilibe mpanda wotero.

Tisabise mawu, yesero la wolemba ntchito limachokera pa funso la amene amalipira. M'maiko ena ndalama za tchuthi cha uchembere zimatuluka m'thumba limene olemba ntchito ndi antchito onse amasonkhamo, moti kampani imodzi simva kulemera kwake. Kuno kwathu ndalama zonse za masabata 8 zimatuluka m'thumba la wolemba ntchito yekha, ndipo ngati malowo sangakhale opanda munthu, amalipiranso wogwirizira. Kwa mwini sitolo wa ku Limbe amene ali ndi antchito anayi, amenenso akulimbana ndi lendi, misonkho ndi kusowa kwa ndalama zakunja, kulipira anthu awiri pa ntchito imodzi kumamveka ndithu. Ine ndimakhulupirira kuti dziko lino likufunika thumba loterolo, makamaka tikaona kuti pangano la mu 2000 la ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, loteteza amayi oyembekezera limanena za masabata 14, omwe wolemba ntchito wamng'ono sangawanyamule yekha. Koma kufikira thumbalo litadzakhalapo, lamulo lilipoli ndilo limene khoti lidzatsegula, ndipo kudandaula kuti tchuthi n'chodula si yankho limene lamuloli limalandira.

Mtima wa nkhani yonse uli pa gawo 49. Gawoli limati wolemba ntchito amene wachotsa mayi ntchito chifukwa choti ndi woyembekezera, kapena pa chifukwa china chilichonse chokhudzana ndi pathupi pakepo, wapalamula mlandu. Chilango chimene chinalembedwa mu 2000 ndi chindapusa cha K20,000 komanso kukakhala kundende zaka zisanu. Ndalamayo lero yachepa mphamvu kwambiri, koma zaka zisanuzo sizinachepe ngakhale tsiku limodzi. Pamwamba pa chilangocho khoti likhoza kulamula kuti mayiyo abwezeretsedwe pantchito ngati kuti sanachotsedwepo, likhozanso kulamula chipukuta misozi, ndipo wokana kumubwezeretsa amapalamula mlandu wina wokhala ndi chindapusa cha K500 pa tsiku lililonse limene akupitiriza kukanako.

Komabe chimene chimagwetsa olemba ntchito ambiri ndi mawu ochepa amene ali kumapeto kwa chiganizo choyamba cha gawoli, onena kuti udindo wosonyeza kuti mayiyo sanachotsedwe chifukwa cha pathupi uli kwa wolemba ntchito. Tonse tinazolowera kuti wodandaula ndiye amabweretsa umboni: ukanena kuti wakuba ndi uje, uonetse kuti anaba. Apa lamulo linatembenuza zinthu mwadala, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Palibe bwana amene amalemba m'kalata kuti wachotsa munthu chifukwa cha mimba. Zokambirana zimachitika m'ofesi chitseko chili chotseka, mafayilo onse amasungidwa ndi kampani, ndipo mayi amene wangochira kumene alibe njira yodziwira zimene zinanenedwa iye kulibe. Choncho iye akangosonyeza kuti anali woyembekezera kapena anali pa tchuthi, ndiponso kuti anachotsedwa, funso lonse limagwera wolemba ntchito: ngati sichinali chifukwa cha pathupi, nanga chinali chifukwa chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani chifukwacho chinatulukira pa nthawi imeneyi osati kale?

Funso lachiwirilo ndi limene limavuta kuyankha, ndipo apa m'pamene magawo 57 ndi 61 amalowerera. Gawo 57 limalola kuchotsa munthu ntchito pa zifukwa zitatu zokha: kulephera ntchito, khalidwe loipa, kapena zofunika pa kayendetsedwe ka bizinesi. Ngati chifukwa chake ndi kulephera kapena khalidwe, munthuyo ayenera kupatsidwa mwayi wodziteteza asanachotsedwe. Gawo lomweli limatchula zinthu zimene sizingakhale chifukwa chovomerezeka, ndipo mwa izo muli kukhala mwamuna kapena mkazi, kukhala pabanja kapena ayi, udindo wosamalira banja, ndi kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda. Gawo 61 limawonjezera kuti wolemba ntchito akalephera kupereka chifukwa, khoti lizingotenga kuti kuchotsako kunali kopanda chilungamo popanda kufufuzanso, ndipo ngakhale atapereka chifukwa, ayenera kusonyezanso kuti anachita zonse mwachilungamo. Kumbuyo kwa magawowa kuli Malamulo Oyendetsera Dziko a mu 1994, amene pa gawo 20 amaletsa tsankho, pa gawo 24 amateteza amayi ku tsankho la pantchito, ndipo pa gawo 31 amapereka kwa aliyense ufulu wochitiridwa chilungamo pantchito. Palinso pangano la ILO la nambala 158, limene Malawi inalivomereza mu 1986, lomwe limatchula mwachindunji pathupi ndi kusapezeka pantchito chifukwa cha tchuthi cha uchembere ngati zifukwa zosaloleka.

Amene anakhalapo pamene fayilo ya wantchito ikutsegulidwa pamaso pa woweruza amadziwa mmene zimakhalira. Bwana amanena motsimikiza kuti mayiyu anali waulesi, ankachedwa, makasitomala ankadandaula naye. Kenako fayilo imatsegulidwa tsamba ndi tsamba: kalata yolembedwera ntchito, kalata yotsimikizira kuti wadutsa nthawi yoyesedwa, kalata yokwezera malipiro, mwinanso yomuyamikira pa kutha kwa chaka, fomu yopemphera tchuthi cha uchembere, ndipo tsamba lotsatira ndi kalata yomuchotsa. Pakati pa masamba amenewa palibe kalata yochenjeza ngakhale imodzi. Mwina bwanayo akunena zoona kuti mayiyo ankachedwa, koma ngati anapirira kuchedwako kwa zaka zinayi osalemba kanthu, n'kudzatopa nako sabata imene mayiyo ali ku Chatinkha, kumene amayi amachirira pachipatala cha Queen Elizabeth, khoti limaona kuti chimene chinasintha si kuchedwa. Ena akazindikira zimenezi amathamangira kulemba makalata ochenjeza n'kuikapo madeti akale, ndipo ndikuchenjeza ndi mtima wonse kuti imeneyi ndi njira yoipitsitsa, chifukwa kalata yopanda siginecha ya wolandira imadzutsa mafunso ambiri kuposa amene imayankha, ndipo chinyengo chikaululika, ngakhale zoona zimene bwanayo ananena sizikhulupirikanso.

Izi sizikutanthauza kuti mayi amene ali pa tchuthi sangachotsedwe ntchito ngakhale zitavuta bwanji. Lamulo silinanene choncho, ndipo amene amaphunzitsa choncho amasokeretsa mbali zonse ziwiri. Kampani ikatsekedwa, aliyense ntchito imamuthera. Wosunga ndalama akapita ku tchuthi, wogwirizira n'kupeza kuti m'mabuku muli ndalama zosowa, pathupi sipafafaniza mlanduwo. Koma ngakhale pamenepo ayenera kuuzidwa mlandu wake momveka, kuonetsedwa umboni, ndi kupatsidwa nthawi yokwanira yoti ayankhe. Kumutumizira uthenga wa pa WhatsApp woti abwere mawa kudzayankha mlandu, pamene wangotha masiku 10 chichitireni opaleshoni, kenako n'kugamula iye kulibe chifukwa sanabwere, ndi kudzikumbira dzenje. Maganizo anga ndi akuti pokhapokha patakhala chifukwa chachikulu chofulumirira, wolemba ntchito asunge umboni wake bwinobwino, amulembere mayiyo kuti pali nkhani imene idzakambidwe akadzabwerera, ndipo adikire. Masabata ochepa odikirawo sawononga mlandu woona.

Njira imene imagwiritsidwa ntchito kawirikawiri ndi ija ya ku Makata, yonena kuti malo atha. Gawo 48 limapatsa mayi ufulu wobwerera pa ntchito yomwe ija, ndi malipiro ndi zina zonse zimene ankalandira asanachoke. Limapatula zinthu ziwiri zokha: ngati ntchitoyo yathadi chifukwa cha mavuto a zachuma, kusintha kwa makina kapena kusintha kwa kayendetsedwe ka kampani, kapena ngati mayiyo sangathenso kuigwira. Ngakhale zitatero, wolemba ntchito sanamasuke. Ayenera kuyesetsa kumupezera ntchito ina yomuyenera m'kampani momwemo, ndipo pokhapokha itasowa, kapena mayiyo ataikana popanda chifukwa chomveka, m'pamene angamuchotse pomupatsa notisi ndi ndalama za severance, zomwe wochotsedwa ntchito amalandira potengera zaka zimene wagwira. Choncho khoti limafuna kudziwa ngati ntchitoyo inathadi kapena inangosinthidwa dzina, amene akuigwira panopa ndi ndani, anthu angati anachotsedwa pa nthawi imodzimodziyo, anasankhidwa motani, ndiponso ngati mayiyo anauzidwa ndi kufunsidwa maganizo monga anzake amene anali pantchito. Kuchepetsa antchito kumene kwagwera munthu mmodzi yekha, amenenso ndi yekhayo amene anali ku uchembere, n'kovuta kwambiri kukuikira kumbuyo. Kulinso kulakwa kwina kumene kumachitika mosazindikira: pa nthawi imene mayi kulibe, ntchito zake zimagawidwa kwa anzake atatu, zinthu n'kumayenda, ndipo bwana amaganiza kuti malowo anali osafunika. Koma anzakewo anasenza katunduyo podziwa kuti n'kwa masabata 8, ndipo chimene chaulula "kusafunika" kwa malowo ndi tchuthi chenichenicho, chomwe ndi chifukwa chokhudzana ndi pathupi.

Makontrakiti a nthawi yoikika nawonso amanamiza ambiri. N'zoona kuti kontrakiti ya chaka chimodzi imatha yokha tsiku lake likakwana, ngakhale mayi ali pa tchuthi. Koma gawo 28 limati ngati kontrakiti yotere ikugwiritsidwa ntchito podzaza malo okhazikika a ntchito ya masiku onse ya kampani, imatengedwa ngati yopanda malire a nthawi. Mphunzitsi wa pasukulu yoti si yaboma amene wakhala akusainanso kontrakiti chaka ndi chaka kwa zaka zisanu, n'kudzauzidwa kuti siwonjezeredwa chaka chimene ali ndi pakati, pamene anzake onse awonjezeredwa, ali ndi poyambira polimba. Chimodzimodzinso nthawi yoyesedwa: lamulo limalola kuthetsa ntchito pa nthawiyi popanda notisi, koma silinapereke chilolezo chochita tsankho, ndipo gawo 5, limene limaletsa tsankho kuyambira polemba munthu ntchito mpaka pomuchotsa, lili ndi chilango chake cha K10,000 ndi zaka ziwiri kundende.

Pali funso limene ndimafunsidwa kawirikawiri, lokhudza mawu aja akuti kamodzi m'zaka zitatu. Mayi anachira chaka chatha, analandira tchuthi chake chonse, ndipo chaka chino ali ndi pakati pena. Olemba ntchito ena amaganiza kuti popeza zaka zitatu sizinakwane, mayiyo waphwanya lamulo, ndipo akhoza kumuuza kuti asankhe pakati pa ntchito ndi mwana. Kumeneku n'kuwerenga lamulo mozondoka. Zaka zitatuzo zikunena za udindo wolipira tchuthi, osati za ufulu wa munthu wobereka. Gawo 49 lilibe zaka zitatu m'kati mwake, moti kuchotsa mayi chifukwa cha pathupi pachiwiri ndi mlandu womwe uja. Chimene mbali ziwirizi zingakambirane ndi mmene nthawi yochirayo ilipiridwire: masiku a tchuthi cha pachaka amene mayi wasunga, omwe ndi 18 kwa ogwira masiku 6 pa sabata ndi 15 kwa ogwira masiku 5, tchuthi chopanda malipiro, kapena zimene malamulo a kampani amapereka ngati ndi zoposa za boma. Chimene agwirizana chilembedwe ndi kusainidwa mayiyo asanapite.

Nkhani ina yovuta ndi ya mayi amene sanabwerere tsiku limene tchuthi chinatha. Uchembere suyenda motsatira kalendala ya ku ofesi. Mwana amabadwa masiku asanakwane n'kukhala kuchipatala kwa milungu ingapo, bala la opaleshoni limachedwa kupola, kuthamanga kwa magazi kumakana kutsika. Gawo 47 linaganizira zimenezi, ndipo limati pakakhala matenda ochokera ku pathupi kapena kuchira, okhudza mayi kapena mwana, otsimikizidwa ndi dokotala wovomerezeka, wolemba ntchito apereke masiku owonjezera monga momwe iye angaonere kuti n'koyenera. Kutalika kwa masikuwo kwasiyidwa m'manja mwa wolemba ntchito, koma kupereka kwenikweniko si nkhani yosankha. Amene amangowerenga masiku, n'kulemba kalata yoti mayiyo wathawa ntchito, asanamuimbire foni kapena kutuma munthu kunyumba kwake ku Bangwe kapena ku Chilomoni, adzasowa chonena mayiyo akadzatulutsa buku lake la kuchipatala lili ndi madeti ndi zidindo. Kwa amayi nawonso ndinene kuti kalata ya dokotala izifika ku ofesi tchuthi chisanathe, ndipo azisunga kope lake.

Ena, podziwa kuopsa kolemba kalata yochotsa, amasankha kumutopetsa munthu kuti achoke yekha. Akabwerera amapeza kuti wachotsedwa pa desiki yake n'kuikidwa kosungira katundu, malipiro adulidwa, wapatsidwa mashifiti a usiku pamene akuyamwitsa, kapena wasamutsidwira ku Mzuzu mwadzidzidzi. Gawo 60 limati wantchito akasiya ntchito chifukwa khalidwe la wolemba ntchito lapangitsa kuti kupitiriza kukhale kosatheka, kumeneko kumawerengedwa ngati kuchotsedwa mopanda chilungamo. Apa udindo wofotokoza chimene chinamuchotsa umakhala kwa wantchito, koma mayi amene wasunga mapepala ake a malipiro ndi makalata osamutsa savutika kuufotokoza. Kusintha kwa lamulo kwa mu 2021, komwe kunabweretsanso tchuthi cha masabata awiri cha abambo kamodzi m'zaka zitatu, kunalimbitsa mbali imeneyi polamula kuti amayi oyembekezera ndi oyamwitsa azipatsidwa nthawi yogwirira ntchito yowayenera popanda kudula malipiro, kuphatikizapo mpata woyamwitsa wa theka la ola kawiri pa tsiku m'miyezi 6 yoyambirira ya mwana. Choncho kulanga mayi chifukwa chopita kukayamwitsa ndi kumulanga chifukwa chochita zimene lamulo lamulola.

Tsopano tiwerengere ndalama, popeza ndalama ndi zimene zimayambitsa zonsezi. Tiyerekeze mayi amene amalandira K400,000 pa mwezi ndipo wagwira ntchito zaka 6. Malipiro ake a masabata 8 ndi pafupifupi K740,000, ndipo imeneyi ndiyo ndalama imene bwana akuithawa. Khoti likapeza kuti anachotsedwa mopanda chilungamo, ndalama za severance zimayenera kuperekedwa, ndipo zimawerengedwa motere: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, masabata atatu pa chaka kuyambira chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, ndi masabata anayi pa chaka kupitirira apo. Kwa mayi wathuyu ndi masabata 13, omwe ndi K1,200,000. Chipukuta misozi chochepetsetsa chimene gawo 63 limalola kwa wogwira ntchito zaka zoposa zisanu koma zosaposa 10 ndi malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse, omwe ndi masabata 12, pafupifupi K1,100,000. Tikaphatikiza notisi ya mwezi umodzi ngati sinaperekedwe, ndi malipiro a tchuthi aja ngati anamanidwa, tafika kale pafupi ndi K3,400,000, kuposa kanayi ndalama imene inkathawidwa ija.

Kumeneku n'kuyambira chabe. Ziwerengero za mu gawo 63 ndi malire a pansi, ndipo khoti lili ndi mphamvu yopereka zimene laona kuti n'zachilungamo poganizira zimene munthuyo wataya. Gawo lomweli limalola kuwonjezera ndalama zina ngati kuchotsako kunachokera pa zifukwa zoletsedwa zija, monga tsankho. Khoti likalamula kuti munthu abwezeretsedwe pantchito, wolemba ntchito n'kukana, pamabweranso ndalama yapadera ya malipiro a masabata 12 pamwamba pa chipukuta misozi. Ndiye pali nthawi. Milandu ya ntchito imatha kutenga zaka, ndipo ena amadalira kuchedwako poganiza kuti mayiyo atopa. Koma akuluakulu anati mlandu suwola, ndipo m'dziko limene kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, makhoti akhala akukweza ndalama za chipukuta misozi poganizira kugwa kwa ndalamako. Pamwamba pa zonsezi pali ndalama za loya, masiku amene mamanijala amatha ali kukhoti m'malo mokhala pantchito, komanso lamulo la Gender Equality Act la mu 2013, limene limaletsa tsankho lotengera kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi, ndi chilango cha K1,000,000 ndi zaka zisanu kundende, ndipo bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission lili ndi udindo woona kuti likutsatidwa.

Njira imene dandaulo limayenda si yovuta monga ambiri amaganizira, ndipo wolemba ntchito asadalire kuti mayi wosauka sangaifike. Gawo 62 limapatsa wochotsedwa miyezi itatu yokadandaula ku ofesi ya leba ya m'boma lake, kumene sikufunika loya. Mkulu wa za ntchito amaitana mbali zonse ziwiri n'kuyesa kuziyanjanitsa, ndipo pakatha mwezi nkhani isanathe, imatha kupita ku Industrial Relations Court, khoti loona milandu ya ntchito, limene likulu lake lili mu Blantyre momwemuno. Wosakhutira ndi chigamulo pa mfundo za malamulo amachita apilo ku High Court pasanathe masiku 30. Kwa wolemba ntchito amene wazindikira kuti analakwitsa, tebulo la ku leba ndiwo malo otsika mtengo kwambiri okonzera zinthu, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ambiri amanyoza kalata yowaitana, kapena amatumako munthu wopanda mphamvu yogwirizana chilichonse. Amene ali mamembala a bungwe la olemba ntchito la ECAM ali ndi kofunsa asanasaine kalata, monganso antchito ali ndi mabungwe awo pansi pa bungwe lawo lalikulu la MCTU, komanso ofesi ya boma yothandiza osowa ndalama za loya ya Legal Aid Bureau.

Ndisamalize ndisanatchule gulu limene silidziona ngati olemba ntchito. Banja la ku Sunnyside kapena ku Chinyonga limene lili ndi mayi wogwira ntchito zapakhomo ndi wolemba ntchito pamaso pa lamulo, ngakhale palibe pepala limene linasainidwa, chifukwa pangano la pakamwa nalonso ndi kontrakiti. Mawu amene amanenedwa kukhitchini aja, akuti "Achemwali, mmene zililimu ntchito ikukulemerani, pitani kaye kumudzi mukachire, tidzakuitanani," pamene wina wafika kale kudzalowa m'malo ndipo malipiro aimitsidwa, ndi kuchotsa ntchito chifukwa cha pathupi, ngakhale anenedwe mwaulemu chotani. Ena mwa amene amanena mawuwa ndi amayi amene iwowo analandira tchuthi chawo chonse ku banki kapena ku ofesi ya boma.

Mayi wa ku Makata uja anapita ku leba sabata yomweyo, mwana ali kumbuyo, atatenga kalata ija ndi mapepala ake a malipiro. Pamene kampani inafunsidwa kuti ionetse mndandanda wa malipiro wa miyezi yotsatira, dzina la mtsikana wogwirizira uja linapezeka pa mzere womwe panali dzina la mayiyo, ndi dzina la ntchito lomwelo, ndipo m'munsi mwa pepala la ndalama zomaliza limene ine ndinawerengera munali deti losonyeza kuti chiganizo chomuchotsa chinapangidwa iye akadali pa tchuthi, asanauzidwe kanthu. Kampani inagwirizana naye nkhani isanafike pa chigamulo ndipo inalipira. Mayiyo sanafune kubwereranso pageti lija, ndipo ntchito ina anakaipeza ku Limbe mwana wake atayamba kuyenda.